Bedi limene ndinkalilumpha

Ana inu, ndatenga kope la masamu la Dalitso, lija analemba masamba atatu okha n'kulitaya pawindo, kuti ndilembemo zimene mukukana kumva ndi makutu. Ndikangoyamba kuyankhula mumatseka m'makutu ndi tizingwe tanu tija, wina akuti akukatunga madzi, wina akuti foni yaitana. Chabwino, pepala silithawa. Dalitso, ujambule masamba onsewa pa foni yako utumize kwa abale ako a ku Lusaka ndi ku Kitwe, chifukwa nkhaniyi ndi ya nonse, ngakhale mwini wake weniweni ndi Thoko. Zilembo zanga musaseke. Ndinalekezera Sitandade Sikisi, ndipo nyamakazi yalowa m'zala.

Lero ndi Lachisanu. Thokozile, mwana wa Agnesi, mdzukulu wanga woyamba kulowa sukulu ya unesi, wadzitsekera m'chipinda kuyambira Lachiwiri. Yunifomu yoyera waikoleka pa msomali ngati chiguduli. Aphunzitsi ake atumiza mawu kuti akapanda kuonekera Lolemba m'mawa, malo ake apatsa wina. Chifukwa chake mwachimva? Anamutuma kukasambitsa wodwala ku wodi ya amuna. Atakoka katani anapeza kuti ndi a Tembo, aja otsogolera kwaya kutchalitchi kwathu kuno ku Nabvutika. Anasiya beseni pomwepo, madzi akadali otentha, n'kukwera njinga kubwera kunyumba.

"Ambuya, ndi a Tembo! Anandiphunzitsa kuimba ndili kamwana. Ndidzawayang'ana bwanji pa Misa?"

"Udzawayang'ana ndi maso," ndinatero ine.

"Inu simungamvetse."

Ine sindingamvetse! Ambuye Yezu, ndigwireni pakamwa. Komabe zimenezo ndikanazimeza, mwana ndi mwana. Chimene chandigwiritsa bolopeni ndi mayi wake. Agnesi, mwana wobereka ine ndemwe, anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Amama, musamukalipire. Mwanayu ali ndi ulemu, analeredwa bwino." Ndinakhala pansi mwadzidzidzi. Mawu amenewo ndinawamvapo kale, omwewo ndithu, akunenera ine, ndipo mapeto ake tinakwirira munthu.

Ndiyambire patali pang'ono, mupirire. Thoko atangoyamba sukulu anandiwerengera za m'buku lake, akumasulira m'Chinyanja. Akuti unesi unayambira kutsidya kwa nyanja, ku nkhondo, pamene azimayi ena anapita kukasamala asilikali ovulala n'kupeza kuti ambiri sakufa ndi zipolopolo koma ndi uve ndi kusowa wowayang'anira. Ine buku sinditsutsana nalo. Koma olembawo sanafike kwathu ku Madzimoyo. Kudwazika kunalipo kale. Ndinaona amama anga atakhazika mkulu wawo pakati pa miyendo, kumuyedzamiritsa pachifuwa, kumumwetsa phala ndi chipande, kumuthowa ndi madzi ofunda a masamba. Kungoti kwathu kunali malire. Mkazi ankadwazika mkazi mnzake, mwamuna ankasambitsidwa ndi amuna anzake kapena mkazi wake. Namwali sankayandikira chikuta, nyumba ya mayi amene wangobereka kumene, ndipo mtembo sankauona n'komwe. N'chifukwa chake oyamba kugwira ntchito m'zipatala za kuno anali amuna, madiresa, ovala makabudula a khaki, otsuka zilonda ndi kubaya jekiseni. Atsikana tinabwera pambuyo, masisitere a ku mishoni atatopa ndi kupempha makolo.

Kusukulu kwathu kunabwera sisitere wina wachizungu, wamtali, woyenda ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Dzina lawo lenileni linkatipinda lilime, ndiye tinkangoti a Sisitere Kamphepo. Sanatifunse masamu. Anati titambasule manja, n'kumayang'ana zikhadabo mmodzimmodzi. Dalitso, iwe akanakubweza pachipata. Anasankha awiri. Mnzanga makolo anamukaniza, ndinatsala ndekha.

Atate anati, "Mwana wogwira mitembo adzakwatiwa ndi ndani?" Amalume ndiwo anadula nkhani, poti kwathu mawu a malume ndiwo ankalemera. Anati, "Mwamuna ali naye kale, anamutomera. Apite akaphunzire, adzatibaye jekiseni tikadzakalamba." Wonditomerayo ndi ambuya anu aamuna omwewa, a Jere, amene agona m'chipinda chapakati. Musawaonere lero. Nthawi imeneyo anali ku Migodi kusaka za ukwati, ndipo anali ndi mpata pakati pa mano umene unkagwetsa mitsuko ya atsikana kuchitsime.

Inu mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mpando ndi wolimba. Ine ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, tilanki la malata la amalume lili pamutu, m'kansalu muli chigumu ndi chimanga chokazinga. Ndinakwera lole ya nshawa, pamwamba pa matumba, mpaka m'tauni, imene akuluakulu ankaitchabe dzina lake lakale lachizungu. Kuchoka apo lole ina, ya ansembe, yonyamula simenti. Ndinafika kuchipatala cha mishoni ndili mbuu ngati wochokera kuchigayo.

Thoko akulira ndi beseni limodzi. Tamverani. Majekiseni anali agalasi, tinkawawiritsa m'poto pa pulayimasi, ndipo singano ikabuntha tinkainola pa kamwala. Mabandeji sitinkataya: kuchapa, kuwiritsa, kuyanika, kukulunga. Magolovesi ankavala dokotala yekha, akabooka tinkawamata ngati chubu cha njinga. Kachipewa koyera tinkakalimbitsa ndi madzi a chinangwa n'kukasita ndi nsimbi yamakala. Kakapindika pang'ono, a Sisitere ankakachotsa pamutu pako ndi zala ziwiri ngati akuchotsa mphemvu mu ndiwo. Mabedipani, mbale zachitsulo zodzithandiziramo odwala, tinkakatsuka kuseri ndi phulusa ndi udzu, m'nyengo yachisanu, madzi akuluma m'zala. Madzulo ndiye kalasi: mayina a mafupa, mmene magazi amayendera, kuwerenga kagalasi koyezera kutentha kwa thupi. Ndipo ndinkazikonda, ana inu. Tsiku limene ndinamva koyamba mtima wa munthu ukugunda padzanja lake, pansi pa zala zanga ziwiri, ndinakagwada m'tchalitchi kuthokoza Mulungu kuti wandionetsa kachinsinsi kake, ine mwana wa mlimi wa thonje.

Koma phunziro limene a Sisitere ankalibwereza mpaka kutitopetsa linali la pamsana. Ankati munthu wogona osatha kudzitembenuza, bedi limamudya. Pamene fupa latsamira pamayamba kufiira, kenako thuza, kenako dzenje. Choncho maola awiri aliwonse umutembenuze, umusambitse, umupukute mpaka aume, ukoke nsalu isakhale ndi khwinya. "Kanyenyeswa kamodzi ka chimanga pabedi ndi mkango," ankatero. Tinkakaseka Chinyanja chawo kuseri kwa khitchini, koma ankanena zoona.

Nditatha miyezi isanu ndi iwiri anandisamutsira ku wodi ya amuna. Mvula inali itayamba, anthu ali kalikiliki kupalira. M'mawa wina anabweretsa munthu pa machira. Ng'ombe zinadzidzimuka, iye n'kugwera pansi pa ngolo, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anamugoneka pa bedi la pakona, mwendo ataumangirira chingwe ndi thumba la mchenga. Ndinamuyang'ana nkhope. Anali atate awo a ambuya anu. Apongozi anga.

Inu apongozi simuwadziwa. Mumakhala nawo pa sofa imodzi, kulimbirana rimoti. Ine ndikawaona akubwera panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Sindinadyepo iwo akuona. Mawu anga anali asanawamvepo, ndipo dzina langa iwo sankalitchula. Tsono munthu ameneyo ndimuvule, ndimusambitse, ndimuikire bedipani?

Ndinathamangira kwa Rozina, mtsikana wa chaka chachiwiri, wa ku Katete, wa pakamwa ngati lumo.

"Iwe wa kumudzi," anatero, "ukuganiza kuti apongozi akowo ali ndi chiyani chimene ena onsewa alibe?"

"Rozina, usatukwane."

"Sindikutukwana, ndikukuphunzitsa mafupa."

Komabe anavomera kuti iye azisamala bedi la pakona, ine ndizimutsukira mabedipani ake onse. Sabata imodzi zinayenda. Sabata yachiwiri Rozina anamusamutsira kwa amayi oyembekezera, ndipo mzere wonse wa kuwindo unatsala m'manja mwanga.

Ndikanatha kupita kwa a Sisitere kukanena. Ndikanatha kupempha diresa. Ndinaopa kuti andibweza kumudzi. Ndiye ndinachita zimene amachita mwana wopusa, ndinayamba kulumpha. Ndinkayenda ndi beseni bedi ndi bedi, ndikafika pakona ndinkagwada patali, kukankhira mbale ya phala pa kakabati, n'kudutsa chowerama. Bedipani ankawapatsa wodwala mnzawo wa bedi loyandikana, amene ankatha kuyenda. Apongoziwo akamva mapazi anga ankatembenuzira nkhope kukhoma. Apongozi aakazi ankabwera Lamulungu lokha chifukwa cha kumunda, n'kuwapukuta kumaso ndi kumapazi. Pamsana panalibe woona. A Sisitere akamayendera odwala ankafunsa, "Bambo, akusambitsani?" Iwo ankayankha, "Inde amayi, mwanayu ndi wakhama." Ankandibisa. Ine kuwalemekeza, iwo kundilemekeza, bedi lili kudya.

Chinatiulula ndi fungo. Patatha masiku ngati khumi, a Sisitere anaima pakona paja, mphuno m'mwamba, n'kuitana diresa kuti awanyamule pang'ono. Ana inu, chilonda chinali ngati chikhatho changa ichi, chakuda m'mbali, nsalu itamatirira. Mkulu uja sanabuule n'komwe pamene ankaimatula.

"Felistasi, tenga beseni," a Sisitere anandiuza.

Ndinagwada pakati pa wodi, odwala onse akuona. "Sisitere, ndi apongozi anga."

"Muno mulibe apongozi. Muli odwala."

Apongozi anayankhula ali chiyang'anire kukhoma. "Amayi, musamukalipire mwanayo. Sanalakwe. Ndi mwambo wathu."

A Sisitere anafiira mpaka m'makutu. Anagwada n'kutsuka okha chilondacho, ine ndili chigwadire pomwe paja, ndikumva madzi akudonthera m'beseni. Atatha anandiitanira pakhonde. Sanakuwe, ndipo kukanakhala bwino akanakuwa. Anati mwa onse a chaka changa ine ndinali ndi manja abwino. Anandipatsa mpaka belu la m'mawa: ndikasambitse bedi la pakona iwo ali pambali panga, kapena ndisiye kachipewa pa tebulo lawo.

Ndinasiya kachipewa. Ndinayamba ndakasita kaye, taonani uchitsiru wake.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Mukuganiza kuti kumudzi anandikalipira? Anandiimbira nthungululu! Nkhani inali itafika kale kudzera mwa odwala otuluka. Azimayi ankabwera kudzandiona ngati ndabereka mapasa. "Mwana wa ulemu, analeredwa bwino, wakana kuona umaliseche wa apongozi ngakhale mzungu amuopseze." Apongozi aakazi ananditumizira nkhuku yoyera. Atate ankayenda chotukula mapewa. Amalume okha ndiwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Nanga tilanki langa wabwera nalo?" Sananenenso china, ndipo sanandiyankhulitse mpaka chimanga chinacha.

Fupa lija linagwirana, koma chilonda chinakana. Apongozi anapempha kuti awabweze kwawo. Anawatenga pa ngolo yomwe ija, ndipo tisanayambe kukolola anatisiya. Sindinena kuti ndine ndinawapha. Mwini moyo ndi Mulungu, ndipo ansembe anandimasula nditalapa. Koma chilonda chija ndinachiona ndi maso anga, ndipo ndikudziwa masiku amene chinakumbidwa. Pa maliro azimayi ankandilozerana ndi milomo: "Ndi uyo mtengwa wa ulemu uja." Chaka chotsatira a Jere anabwera kuchokera ku Migodi, tinamanga ukwati m'tchalitchi.

Tinakhala zaka zambiri osaitchula nkhaniyi. Tsiku lina, Agnesi ali kumsana, tikutola thonje awiriwiri, ambuya anu anangoyamba okha, osandiyang'ana. Anati atate awo anawasiyira mawu kudzera mwa mng'ono wawo. Akuti, "Mtsikana uja ndinkamumva akubwera ndi beseni, bedi ndi bedi. Pamsana pankayaka ngati andiika makala. Ndinkayang'ana kukhoma kuti asachite manyazi. Tsiku lina ndinafuna kumuitana, koma ndinasowa dzina lomuitanira. Mudzamuuze kuti ndilibe naye chifukwa."

Ndinakhala pansi pakati pa mizere ya thonje. Anasowa dzina londiitanira. Munthu ali pa moto, wothandiza akudutsa ndi madzi masitepe atatu, koma ulemu watseka pakamwa onse awiri. Ndiye Agnesi, amene unali kumsana tsiku limenelo, lero ukundiuza kuti mwana ali ndi ulemu?

Musaganize kuti moyo wanga unali wa misozi. Ayi, Mulungu wandikomera mtima kuposa mmene ndinayenerera. Anandipatsa ana asanu ndi awiri, n'kundisiyira asanu. Anandipatsa mwamuna amene sanandikwezerepo dzanja, ngakhale kuuma mutu kwake mukukudziwa. Miyezi isanu ndi iwiri ija sinapite pachabe. Ku Madzimoyo mwana akapsa ndi phala ankathamangira kwa ine, munthu akadzitema ndi khasu ankabwera kwa ine. Ndinaphunzitsa azamba a m'mudzi kuwiritsa lumo asanadule mchombo, ngakhale poyamba ankati ndikudzionetsa. Ankanditcha "anesi a theka", ine n'kumaseka nawo. Rozina uja anamaliza, anadzakhala nesi wamkulu, ankabwera kwathu pa njinga yamoto kudzabaya ana katemera. Akandiona ankakuwa ali patali, "Iwe wa kumudzi, apongozi ena alipo?" Nsanje ndinalibe. Bodza ndi tchimo: inalipo, pang'ono, makamaka pa njinga yamoto ija.

Zaka zitatu zapitazo ambuya anu anagwa kumunda, mbali imodzi n'kufa. Agnesi anatitenga kudzakhala kuno kuti tiyandikire chipatala. Kuyambira tsiku limenelo ndimawatembenuza, kuwasambitsa, kuwapukuta, kukoka nsalu. Mumandiseka ndikamasesa pabedi ndi dzanja kufunafuna nyenyeswa za buledi. Sekani. Zaka zitatu, mwana wa munthu uja alibe chilonda ngakhale chonga kambewu ka mpiru. Ndikamawatembenuza ndimanena chamumtima, Ambuye, ili ndi bedi la pakona lija, mwandibwezera, zikomo. Ndipo iwe Thoko, ndakuona. Nthawi yosambitsa ikakwana umasowa ngati mchere m'madzi. Ndinkati ndi ulesi wa ana a masiku ano. Tsopano ndadziwa kuti ndi matenda a kumtundu, unatengera ine.

Tamvera tsono, mayi wanga. A Tembo aja ali gone pakali pano, akumvetsera mapazi. Ukuganiza kuti iwo manyazi alibe? Munthu woimitsa kwaya yonse ndi chala chimodzi, lero sangathe kudzipukuta. Anakuona ukukoka katani, anakuona ukuthawa. Akuganiza kuti akununkha. Mwina nawonso akuuza anesi kuti asambitsidwa kale.

Ulemu sindikuutaya, ndine amene ndinakuphunzitsa kugwada. Koma a Sisitere ankatiphunzitsa ulemu wa m'wodi, ine ndi amene sindinamve. Umaodira. Umapereka moni wonse, kufunsa mmene agonera. Umawauza chimene wabwerera. Umawafunditsa nsalu thupi lonse, n'kumavundukula pokhapo pamene ukusambitsa, ukatha n'kufunditsanso. Maso ako amakhala pa ntchito, pakamwa pako pa nkhani zina. Uwafunse za nyimbo za Pasaka, sadzatha kuyankhula mpaka madzi atazizira. Ndipo zimene waona kuseri kwa katani umazisiya komweko, ngati ansembe ndi za mu kulapa. Pa Misa mudzapatsana moni ngati kale, koma iwo adzadziwa kuti pa tsiku lawo loipa mwana uja sanawalumphe.

Ndamaliza kunyengerera. Lamulungu tikabwera ku Misa yoyamba, ine madzi sindigwira. Ndikhala pa mpando ndi kolona yanga. Ambuya ako aamuna usambitsa ndiwe. Ukakana, agona choncho, ndipo ukawafotokozere wekha chifukwa chake. Kopeli ndikulilowetsa pansi pa chitseko chako.

Lamulungu masana. Dalitso, ujambulenso tsamba ili, a ku Lusaka asamve za theka.

Kope linabwerera dzulo, litaikidwa pa pilo wanga popanda mawu. Agnesi naye anawerenga, chifukwa anandipatsa tiyi osandiyang'ana kumaso. Lero titabwera ku Misa ndinakhala pa mpando m'chipinda chapakati monga ndinanenera. Ndinatha makumi awiri a kolona, kulibe munthu. Mtima unayamba kundiuza kuti dzuka, nkhalamba iwe, usazunze wodwala chifukwa cha mkangano wako. Ndili pakati pa khumi lachitatu ndinamva beseni likugunda chitseko.

"Odi, ambuya."

Ambuya anu mawu amatuluka mbali imodzi, koma nthabwala sizinafe. Anati, "Lowa, mkazi wanga wamng'ono. Wamkuluyu manja ake akhakhala ngati chitsononkho."

"Chitsononkho chomwecho chakusungani zaka zitatu," ndinatero ine.

Thoko analowa, n'kuika beseni pa simenti. Anafunditsa ambuya ake chitenje, n'kuyamba kumaso. Ine chete, ngakhale lilime linkandiyabwa, chifukwa sopo anachulutsa. Atafika pachifuwa anaima, n'kundiyang'ana.

"Afunse za ng'ombe zawo," ndinanong'ona.

Anawafunsa. Ambuya anu anayamba kutchula ng'ombe zonse za atate awo, mayina ndi mawanga ake, zina zimene zinafa ine ndisanakwatiwe. Pofika pa ng'ombe yachisanu mwana anali atawatembenuza, mwa njira ina yopinda bondo imene ine sindinaphunzire, mosavuta ngati akutembenuza chigumu. Anatsuka pamsana, anapukuta, anakoka nsalu. Ndinati zatha, tithokoze Mulungu. Koma iye anapita kumapazi, ananyamula mwendo wakufa uja, n'kuwerama.

"Ambuya, bwerani muone."

"Ndione chiyani? Kulibe kanthu uko."

"Bwerani ndi magalasi."

Pa chidendene, kunsi kwenikweni, panali kadontho kosiyana ndi khungu lina, kakuda mofiirira, kotentha. Anakadina ndi chala, sikanasinthe. Ana inu, zaka zitatu ndikudzitama, mpaka kulemba m'kope Lachisanu lomweli! Maso anga akalamba, ndipo kuwerama mpaka kuchidendene msana umakana. Ndinathamangira botolo la mafuta kuti ndipake mwamphamvu monga tinkachitira kale. Anandigwira dzanja.

"Ayi ambuya, masiku ano pofiira sitipatikita, mumangowonjezera. Tiike pilo pansi pa katumba, chidendene chilendewere, chisakhudze bedi. Ndipo muziona m'mawa ndi madzulo. Mukapanda kuona bwino muziitana amama."

Kundiphunzitsa ine! Kamwana koti ndinakasintha matewera! Ndinatsegula pakamwa kuti ndikayankhe, koma ambuya anu anayamba kuseka, kuseka kwawo kwa mbali imodzi kuja, mpaka kutsokomola. Anati, "Anesi a theka, apeza anesi athunthu." Ndinatuluka kupita kuseri kwa nyumba, ndinakalira pang'ono pafupi ndi mpopi, ndipo ndinathokoza Amayi Maria. Kadontho kaja kakanakula mwakachetechete ine ndikuimba nyimbo.

Panopa magetsi azima monga mwa masiku onse, ndiye Thoko wafukula nsimbi yanga yamakala imene mumati ndi ya ku miyuziyamu. Wayamba ndi kudetsa kolala ndi phulusa, ndamulanda, ndamuonetsa kupukuta kunsi ndi kupemerera. Yunifomu ili pa tebulo. Agnesi akukazinga nshawa zoti anyamule. Sindikunama kuti mantha atha, ayi. Posachedwapa anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mpando wanga, akuseweretsa chingwe cha nsapato.

"Ambuya, nanga akakandipatsanso a Tembo?"

"Usadikire kuti akupatse. Ukapemphe wekha, uyambire bedi limenelo."

"Koma ndinawathawa. Ndikalowa ndikanene chiyani?"

Ndinaganiza za tebulo la a Sisitere, ndi belu la m'mawa lija limene linalira ine ndili kale panjira ndi tilanki pamutu. Mawu amene ndikanayenera kunena tsiku limenelo ndakhala nawo zaka zonsezi, opanda womuuza.

"Ukaodire," ndinatero. "Ukawatchule dzina. Ukanene kuti, a Tembo, madzi aja anazizira, ndabweretsa ena."

Ambuye akuperekeze, mwana wa mwana wanga. Ndipo Dalitso, kope lako nali, masamba otsalawo ulembemo masamu.